Ubweya Umene Ndinasesa

Walitsegula bukulo, Tamanda? Yambira papepala loyera, osati pamene unalembapo nyimbo za kwaya. Imwe ena khalani pansi, mafoni muike m'thumba. Naomi, ndakuona, chala chikuyenda pansi pa chitenge. Ine kusukulu sindinapondeko, dzina langa ndimangolizindikira ndi maso monga mmene munthu amazindikirira nkhope ya mnansi wake, ndiye zimene ndinene lerozi zikhale papepala ndi dzanja la munthu wophunzira.

Ndiyambe ndi chimene chandikhazika pamphasa pano, kuti musamati nkhalamba yayamba kubwebweta. Loweruka lino ndi kicheni pate ya Tamanda, phwando la azimayi lokonzekera ukwati wake. Dzulo alangizi anabwera kudzafunsa kuti pampando wa mayi wa mkwatibwi padzakhala ndani, ndipo mwana uyu anayankha pamaso pa anthu, ati amayi anga ndi ambuya, aja a ku Lusaka akafuna abwere ngati mlendo aliyense, akapanda kubwera zili bwinonso. Alangizi anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Aja a ku Lusaka akunenedwawo ndi Esinati, mwana wanga woyamba, amene anakubala iwe Tamanda. Sindikukukalipira ayi. Ulembe chabe zimene ndinene, ukamaliza uchite zimene mtima wako ufuna. Koma ndiyambira kwa akalulu ali kuseri kwa nyumbawa, chifukwa ine nzeru zanga zonse ndinazitola kumeneko.

Kuno ku Kafue ndinabwera ndili kamtsikana, kuchokera kwathu ku Katete. Basi ya nthawi imeneyo inkayenda ngati ikupempha chilolezo kwa mwala uliwonse, tinafika ku Lusaka nkhope zili mbuu ndi fumbi, kenako sitima mpaka pasiteshoni apa. Manje imwe mukwera minibasi m'mawa, masana mwabwerako kale, n'kumadandaula kuti msana. Ine ndinatsika ndi mphasa, mthiko, ndi dengu la ufa umene amayi anga anasinja okha mumtondo, poganiza kuti kutauni kulibe chimanga. Ashikulu anu, malemu amuna anga, ankagwira ntchito panjanji, yonyamula zitsulo padzuwa. Pambuyo pake anasamukira kumafakitale, ndipo ndi pamene tinalowa m'nyumba ino. Zaka zimenezo tinadya, ana inu. Buledi m'mawa, nyama yam'butchala mwezi ukatha, ine mpaka ndinayamba kuyenda ngati mkazi wa munthu.

Chimene ndinkanyadira kwambiri chinali ukhondo. Ulembe bwino pamenepo, chifukwa ndi pomwe panagona tsoka langa. Simenti yapakhonde ndinkaipaka polishi wofiira mpaka munthu kudziona mano. Bwalo ndinkasesa kawiri, mizere ya tsache ili ndondondo. Azimayi am'komboni ankatuma ana awo aakazi kuti kaoneni mapoto a amake Esinati. Kanthu kakagwa pansi, olo katsamba ka mango, mtima wanga sunkakhala mpaka nditakatola.

Ndiye ntchito ija inatha. Anthu ambiri anabwerera kumidzi, ena anangokhala pansi pa mitengo kusewera nsolo. Ife tinali ndi ana asanu, atatu ali pasukulu. Ufa tinayamba kugula wa timapepala tija ta pamela, ka lero lero. Ndinalima kuseri kwa nyumba, kamalo kokwana mphasa zisanu ndi imodzi. Dothi la kuno mukulidziwa, nthawi ya mvula limakuvula patapata, nthawi yotentha limang'ambika mpaka kuponyamo dzanja. Ndinadzala chibwabwa, repu, kalembula, mbatata ya masamba ija, m'mbali mwa mpanda. Njala yeniyeni sitinagone nayo, koma masamba lero, masamba mawa, mwana wanga womaliza, amalume anu a Yohane amene manje mimba ili kutsogolo ngati ng'oma, tsitsi lawo linayamba kufiira ndi kunyonyoka. Kukiliniki anandiuza kuti mwanayu akufunika kanyama kapena dzira. Nkhuku ndinali nazo zinayi, chitopa chinadutsa sabata imodzi n'kusesa zonse.

Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala mayi wina wachitonga, bina Mutinta, ndiye kuti amake Mutinta m'chinenero chawo. Munthu wamtali, wosalankhula zambiri. Amuna awo anagwirapo ntchito pafamu ina ku Shimabala, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzirira kuweta akalulu. Chodabwitsa, iwowo sankadya, ati kutchalitchi kwawo saloleza, ankangoweta n'kumagulitsa. Ine ndinawathandizapo tsiku lina matenda a uchembere atawayamba amuna awo kulibe, ndiye ataona tsitsi la Yohane anangobwera ndi kalulu wamkazi woyera m'manja, n'kundiikira pamiyendo. Ndinadabwa. Kwathu kalulu ndi wa kutchire, anyamata amamuthamangitsa ndi agalu akatentha udzu. Womusunga pakhomo ngati nkhuku ndinali ndisanamuonepo. Esinati, amene nthawi imeneyo anali kamtsikana kongoyamba kumera mawere, anamutcha Nasi chifukwa cha kuyera ngati zovala za anamwino.

Ashikulu anu anakhoma khola ndi matabwa a makireti akale ndi waya wa nkhuku, denga la dilamu yophwanya. Analiimika pa miyendo inayi, mwendo uliwonse m'chitini cha oilo yakuda ya motoka, kuti linthumbu lisakwere. Anali ndi manja abwino bambo aja, pakamwa pokha ndi pomwe panali polemera.

Kuti kalulu akhale ndi bere pafunika wamwamuna, ndipo wamwamuna anali kwa bina Mutinta, chinthu chachikulu chotuwa chimene ankachitcha Fomani, ndiye kuti kapitawo, chifukwa chinkangokhala n'kumayang'ana anzake. Ine osafunsa, ndinabwereka Fomani kwa mwana wawo n'kukamuponya m'khola la Nasi. Ana inu, nkhondo yake. Nasi anamukwera pamsana, kumuluma, kumung'amba khutu, ubweya uli m'mwamba. Bina Mutinta anabwera akupukuta m'manja, n'kundiuza mofatsa kuti wamkazi salola mlendo m'nyumba mwake, umanyamula wamkaziyo kupita naye kwa mwamuna, ndipo zikatheka umamubweza kwawo nthawi yomweyo. Tamanda, usaseke, izi si za alangizi, lemba. Tinachita choncho mawa lake. Posakhalitsa ndinangoona Fomani walira kamodzi, wagwera chammbali, miyendo m'mwamba. Ndinagwira kumutu, ndati ndapha chiweto cha eni. Bina Mutinta anaseka mpaka kutsamira mpanda, tsiku loyamba kuona mano awo onse. Ati akagwa choncho ndiye kuti ntchito yatheka, muwerenge mwezi umodzi.

Mwezi umenewo unakathera mu Juni, mphepo ya kumtsinje ija imalowa mpaka m'mafupa. Tsiku lina masana ndikupita ndi masamba, ndinapeza Nasi akudzizula ubweya pachifuwa ndi mano. Akazula, akaika pakona, akazula, akaika pakona, kwinaku atanyamula udzu kukamwa ngati ndevu. Pachifuwa pali gwaa, khungu likuoneka. Khola lonse ubweya wokhawokha, wina ukuuluka kupita pa zovala zimene ndinayanika. Ine ndinakulira pa mbuzi ndi agalu, ndipo chiweto chikayamba kusosoka ubweya timadziwa kuti ndi mphere. Mankhwala ake kwathu ndi oilo yakuda. Bina Mutinta anali atapita kumaliro kwawo, ndipo olo akanakhalapo sindikhulupirira kuti ndikanafunsa, chifukwa za ukhondo ndinkati palibe wondiphunzitsa.

Ndinatulutsa Nasi, ndinasesa ubweya wonse ndi udzu womwe, n'kukatentha pambaula kuti matenda asafalikire. Khola ndinalikwecha ndi sopo ndi madzi ambiri mpaka matabwa kuyera. Kenako ndinatunga oilo m'chitini chija n'kumupaka pachifuwa ponse. Ndinaima patali n'kumayang'ana ntchito yanga, mtima uli mbee.

M'mawa mwake Esinati ndiye anayamba kufika kukhola. Sanakuwe. Anangobwera kudzaima pakhomo la khitchini, n'kunena kuti amayi bwerani muone. Pa matabwa onyowa aja panali tiana tisanu ndi tiwiri, topanda ubweya ngati ana a mbewa, tili mbalambanda, kena kukona uku, kena uko. Ndinatigwira, tonse tozizira ngati miyala yam'madzi. Nasi ali pakona, wakuda ndi oilo, akunjenjemera. Ndinatikwirira pansi pa nthochi, ndipo ndinamuuza Esinati kuti asauze munthu.

Bina Mutinta atabwerako kumaliro ndinawanamiza kuti bere lija silinagwire. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati mwana wawo anawauza kuti tsiku lina komboni yonse inanunkha ubweya wopserera. Manyazi amene ndinamva, ndikanakonda akanandimenya. Anandifotokozera kuti wamkazi akatsala pang'ono kubereka amazula ubweya wake dala, ndiye bulangeti la ana, komanso pozula paja mawere amaonekera kuti tiana tisavutike kuwapeza. Ine ndinatentha bulangeti, n'kuthira madzi pogona, n'kupaka oilo pamawere. Zonsezo ndikuti ndikuthandiza. Anandithandiza kumusambitsa Nasi ndi madzi ofunda, osandinena kwa munthu aliyense.

Mwina mukuti pamenepo ndinachenjera. Dikirani. Naomi, kapatse moto mbaulayo, tiyi wazizira.

Ulendo wachiwiri ubweya ndinausiya, ngakhale manja ankandiyabwa. Nasi anabereka tiana tisanu ndi kamodzi, tili m'kati mwa ubweya muja, ukangoona ubweyawo ukugwedezeka. Ndinakondwa. Ndinatenga kampando n'kukhala pafupi, ndikusenda nyemba, kuti ndione akuyamwitsa. Dzuwa linakwera, linafika pamutu, linapendeka, mayi uja osalowako kuchisa olo kamodzi. Ali kukona ina, wafulatira, akungotafuna. Ndikaika masamba, watha. Ndikaika gaga, watha. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Mbuzi ikabereka imanyambita mwana, imalira akatalikira. Nkhuku imafungatira anapiye, ukayandikira ikujompha. Uyu ayi, kudya basi. Ndinamutukwana kumene, ndati mayi woipa iwe, wosusuka, ana akufa ndi njala iwe uli pa chakudya.

Ndiye ndinaganiza zowalera ndekha. Ndinatenga katoni ya nsapato, ndinayalamo kansalu, ndinanyamula tiana titatu kupita nato kukhitchini pafupi ndi mbaula. Ndinapempha mkaka wa ng'ombe pang'ono kwa mayi wina wogulitsa, n'kumatimwetsa ndi kasupuni. Mkaka unkatulukira m'mphuno, ine n'kumati tikukhuta. Mawa lake ndikubwerera kukhola kuti ndikatenge titatu totsala, bina Mutinta anandiona pampanda. Analowa osaodira, anandigwira pamkono. Anapisa dzanja m'chisa, atayamba alipukuta ndi udzu wam'kholamo, anatulutsa kamodzi n'kukagadamitsa pachikhatho.

“Amake Esinati, onani kamimba aka. Kadzaza ndi chiyani?”

Kamimba kali tuu ngati dzira la njiwa, khungu lili see, mpaka mkaka kuonekera m'kati. Anandiuza kuti mawa ndidzuke kusanayere bwino, ndikaime kuseri kwa nthochi, ndisatsokomole.

Tinapita ndi Esinati, titafunda chitenge chimodzi. Kum'mawa kutangoyamba kufiira, Nasi anayang'ana uku ndi uku, n'kudumphira m'chisa. Sanagone ayi, anangoima chotang'adza, tiana tili chagada pansi pake tikupalasa timiyendo. Nthawi yake yosakwana kutsuka mbale zitatu. Kenako anakokera ubweya pamwamba pawo ndi mphuno, anatuluka, n'kubwerera kukona kwake kuja, kukafulatira ngati sakudziwa kanthu. Bina Mutinta anati ndi mmene alili, kamodzi patsiku, mwina kawiri, ndipo mkaka wake ndi wolemera moti umakwanira. Kukhala patali kuja n'kuti khoswe kapena njoka isadziwe pamene pali ana. Kudya kosalekeza kuja ndiye kupanga mkakawo. Mwa titatu ta kukhitchini tija, tiwiri tinali titafa kale. Kachitatu tinakapukuta ndi ubweya wam'chisa n'kukabwezera kwa make, ndipo kanakula.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kusunga manja anga. Khola limodzi linakhala atatu, atatu anakhala asanu ndi limodzi. Ndinadziwa kuti masamba ongothyola kumene, a mame, amatupitsa mimba, uyambe wawayanika afote. Chisoso amakonda, kholowa wa kalembula, masamba a mabulosi, makoko a nthochi. Masamba a tomato ayi. Madzi asasowe, makamaka kwa woyamwitsa, chifukwa ludzu likamukwana amatha kudya ana ake omwe. Mwezi wa Okutobala, kutentha kwa kuno kuja, ndinkanyowetsa masaka n'kuyala padenga, apo ayi umangopeza wagona, watha. Ndowe zake ndinkakokolera kudimba, ndipo repu wanga anayamba kutulutsa masamba ngati makutu a njovu, ife tili pafupi ndi fakitale ya feteleza koma osagulako olo kathumba. Masamba akunja a repuyo n'kubwereranso kwa akalulu. Zinkangozungulira choncho kuseri kwa nyumba kuno.

Lamulungu lililonse tinkapha mmodzi. Tsitsi la Yohane linada. Anthu am'komboni poyamba ankanyansidwa, ati ameneyo akasendedwa afanana ndi pusi, ndiye pogulitsa ndinkasiya phazi limodzi losasenda kuti aone okha. Imwe a masiku ano nyama mumaidziwira m'pulasitiki, yoziziritsa, nkhuku ya masabata asanu ndi limodzi yosadziwa ndi dzuwa lomwe. Wosenda bwino pakhomo pano anali Esinati. Chikopa ankachivula chonse ngati sokosi, osaboola ndulu, ine mpaka lero ndimaboola.

Wafika pati? Dzanja lawawa? Lipumitse pang'ono, chifukwa kumene tikupitaku ndi kumene kuli nkhani ya Loweruka.

Esinati anakula, anakwatiwa ndi atate ako, mnyamata wa mawu okoma amene anapita kumigodi kukafuna ntchito iwe uli ndi miyezi itatu, ndipo mpaka lero akufunabe. Esinati anabwerera pakhomo pano nawe kumsana. Nthawi imeneyo ashikulu anu chifuwa chinali chitawagoneka, akalulu okha sakanatha kutinyamula tonse. Amako anapeza ntchito ku Lusaka, yochapa ndi kukolopa m'nyumba ya anthu. Ankadzuka kusanayere, n'kukuyamwitsa ali chiimire, nsapato ili kuphazi limodzi, n'kukufunditsa bwinobwino, n'kuthamangira minibasi yoyamba. Madzulo dzuwa likulowa ankatsika pamsewu apo, bulauzi itanyowa ndi mkaka mpaka wadutsa pachitenge, pamutu pali saka. M'sakamo munali masamba akunja a kabichi amene ankatola kumsika akaweruka, oti akalulu adye, chifukwa nthawi yachilimwe kuno kunalibe chobiriwira. Makondakita ankamuseka, ati ba sisi, kansi muli na mbuzi zingati ku nyumba. Akafika, saka pansi, iwe kubere, asanamwe ndi madzi omwe. Msuzi woyamba umene unalawa ndi nshima unali wa kalulu wonenepa ndi kabichi wa pamutu pa amako.

Koma masana onse unali ndi ine. Ukalira, ine. Ukatentha thupi, ine. Azimayi pampopi ankati mwana wa masiku ano kubala n'kutayira amake, ndipo ine m'malo mowatsutsa ndinkavomereza, chifukwa zinkandikomera kumva kuti ndine wolimba. Iwe utayamba kumva mawu, ndinkakuuza ndikukusambitsa, ndati amako sakhala pansi, amako ndi a mumsewu, uli ndi ine basi. Ndinkanena ngati nthabwala. Mwana sadziwa nthabwala.

Kenako mabwana a Esinati anafuna kuti azigona konko, ndiye ankabwera mwezi ukatha. Ashikulu anu anatisiya. Ana anga ena anabalalika, wina ku Mazabuka, wina ku Kitwe. M'nyumba muno munatsala ine ndi iwe, ndi wailesi.

Lemba bwino apa, usadumphe. Uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Esinati anali atakwatiwanso ku Chawama, konko ku Lusaka, ndi bambo amene ali nayeyu. Anabwera Loweruka lina masana ndi chikwama. Iwe unali kwa anzako kuseri kwa msika. Anatulutsa yunifomu ya buluu, nsapato zakuda, masokosi oyera, ati amayi, malo a sukulu ndapeza pafupi ndi kwathu, bambo akunyumba avomera, ndabwera kudzatenga mwana. Ndinayang'ana pamphasa pamene unkagona, ndinaganiza za m'nyumba muno mopanda wondiitana. Ndiye ndinamuuza kuti mwanayu sakudziwa, ukatchulidwa amabisala, ndipo kwa bambo wopeza akakazunzika udzandiyankha chiyani. Zoti umabisala zinali zabodza. Unkakhala pampanda mwezi ukamatha, kuyang'ana kumsewu.

Sanakangane nane. Anapita kuseri, anakokola ndowe m'makola onse, anasintha madzi, anakhala kumeneko nthawi yaitali. Pochoka anasiya chikwama chija pampando, ati chabwino, ayambire konkuno, ndidzayesanso chaka chamawa. Iwe utabwera ndinakuonetsa yunifomu, ndipo unavina pakhonde apo. Unafunsa kuti yachokera kuti. Ndinati ndagulitsa akalulu.

Anayesanso chaka chotsatira, ndi chinacho. Yankho langa linali lomwelo, ndipo pofika chaka chachitatu bodza lija linali litasanduka zoona, unkamuthawadi. Bina Mutinta anali atakalamba, maso akuchita khungu, koma makutu anali akuthwa. Tsiku lina anandiitana pampanda.

“Amake Esinati, mwayambanso kunyamula tiana kupita nato kukhitchini.”

Ndinawayankha mwano, Mulungu andikhululukire, ndati za pakhomo panga zisiyeni. Anamwalira tisanabwererane bwino.

Sindikuti amako ndi mngelo, ndipo munthu si kalulu. Akanatha kulimba, akanatha kubwera ndi akuluakulu n'kukutenga mwamphamvu. Anatopa, anabereka ana ena, maulendo anayamba kutalikirana, ndipo pamene unkamuyankha mozizira pafoni iyenso anayamba kuimba mwa apo ndi apo. Zimenezo ndi zake, adzayankha yekha. Koma zaka zonsezi sanakuuzepo kuti yunifomu ija anagula ndani, kapena kuti anabwera katatu. Ndinamufunsa tsiku lina chifukwa chake. Anati mwanayo ali ndi munthu mmodzi amene amamukhulupirira, ndikamulanda ameneyo atsala ndi ndani.

Ine kukulera ndinakulera ndi mtima wonse, zimenezo palibe angandilande, ndipo phala limene ndinakuphikira silinali labodza. Koma dzulo pamene unati ambuya ndiwo amayi anga, alangizi n'kumagwedeza mitu kuti mwana woyamika, ine ndinamva fungo la ubweya uja pambaula. Mpando umenewo ndikakhalapo Loweruka, ndikhala pa chinthu chakuba, pamaso pa mpingo wako wonse. Ndakalamba, mawondo sangandinyamule ndi katundu ameneyo.

Bwanji wasiya kulemba? Papepala padontha madzi, inki ifalikira. Tamanda. Chabwino, pita.

Naomi, tola bolopeniyo, ukhale apa umalize iwe. Lemba kuti mkulu wako watuluka, wazungulira kuseri kumakola, foni ili m'manja. Imwe ena khalani pomwepo. Ndati khalani, palibe wopita kukasuzumira pawindo. Kaya akuimbira amake, kaya akuimbira mwamuna wake kuti ambuya ndi mfiti, si za ife. Inenso miyendo ikundiyabwa kuti ndipite ndikamuuze mawu oyambira, koma ndaphapo tiana tokwanira ndi kuthandiza kwanga. Thira tiyi. Shuga pang'ono, adokotala analetsa, koma ikamo supuni ina theka, saona.

Pakadali pano lemba za ndiwo za Loweruka, tisataye nthawi. Akalulu oti aphedwe ndi amphongo asanu ali m'khola lakumapeto. Wamkazi wamawanga uja ayi, ali ndi bere, ndipo wayamba kale kutola udzu, ndiye aliyense amene aone ubweya m'kholamo sabata ino manja akhale m'thumba. Repu tithyola Lachisanu madzulo kuti asafote. Mapoto aakulu tikabwereka kwa anansi athu amake Chanda.

Wabwera. Musamuyang'ane choncho, mupatseni malo pamphasa. Maso afiira, koma ndi mphepo ya kuseriko, eti.

Lemba zimene wanena, Naomi, monga mmene wanenera.

“Ambuya, ati tisaphe akalulu mpaka abwere pa Chisanu. Ati imwe mumaboola ndulu.”

Tamanda, wamva mwano wa amako? Zaka zonsezi sanasinthe. Chabwino, tiwadikira. Mukauze alangizi kuti chitenge cha mayi wa mkwatibwi chija asachidule pa msinkhu wanga, Esinati ndi wamtali. Ine mundiikire kampando kumbuyo, pafupi ndi mapoto, pamene ndingaone zonse popanda kugwira kanthu. Tseka bukulo, ulipereke kwa mwini wake.